Kabala ka pa Chala

Pachipatala cha mano chija odwala ankadziwa zipinda ziwiri zokha: chodikirira, cha mabenchi atatu, ndi cha mpando wopendekeka umene munthu amaugonera atayasama. Chachitatu sankachiona. Chinali kuseri, chopapatiza ngati khonde, chokhala ndi masinki awiri, shelefu ya mathireyi, ndi makina ophikira zitsulo ndi nthunzi amene aliyense ankangowatcha mphika. M'menemo munagwira ntchito mayi wina zaka makumi awiri ndi chimodzi, mpaka dzina lawo linaiwalika. Adokotala, namwino, ngakhale wobweretsa makalata, onse ankangoti Amayi Akuseri.

Ntchito yawo inali kutsuka. Thireyi ikabwera kuchokera kumpando, ya magazi ndi malovu, ankayamba achotsa singano ndi timipeni, kenako n'kuviika zotsalazo m'mankhwala, kuzikwecha ndi kaburashi, kuzitsukuluza, kuziumitsa, kuzikulunga n'kuzilowetsa mumphika. Zozulira mano ankazisiyanitsa ndi dzanja lokha osayang'ana, cha mano akutsogolo, cha otafunira a m'mwamba, cha ana. Sanali olankhulalankhula. Ankayimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi, ndipo mphika ukayamba kuliza mluzu ankasiya nyimbo pakati n'kudzaipitiriza pomwepo mawa lake.

Ntchitoyo anaipeza ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ali ndi pakati pa miyezi isanu, ndipo za pakatipo sanatchule. Mwini chipatala nthawi imeneyo anali dokotala wachikulire, wadazi, waukali pakamwa. Anawalemba mongoyesa. Anati pakatha miyezi itatu, akaona kuti manja ndi abwino, adzawakhazika. Amuna awo ankasoka nsapato pakhonde la sitolo ya eni ake, ndipo masiku ena ankabwerera kunyumba ndi ulusi wokha m'thumba. Ndiye mayiwo anaganiza kuti angodutsa kaye miyezi itatuyo ali chete. Epuloni ya pulasitiki inali yaikulu, yofika m'maondo, ndipo inkabisa zonse.

Dokotala wachikulireyo anali ndi lamulo limodzi limene ankalibwereza mpaka anthu kutopa nalo. "Mukabayidwa ndi chitsulo chimene chachoka m'kamwa mwa munthu, musandibisire. Siyani zonse, mubwere mundiuze, ngakhale mundipeze ndili ndi dzino m'manja." Wobayidwayo ankatumizidwa ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo, kukapimidwa thupi lonse, kutengedwa magazi ndi kubayidwa jekeseni.

Zinachitika mlungu wachitatu. Magolovesi a kumeneko anali aakulu, a manja a amuna, ndipo tizitsulo ting'onoting'ono tinkaterereka. Mayi amene ankasiya ntchitoyo anali atawanong'oneza nzeru yake: pofufuza pansi pa sinki, vulani la kumanja, mumamva bwino. Masana amenewo anavuladi, napisa dzanja m'madzi a thovu. Singano imene inabisala m'kathonje ka magazi inawalowa pachala chapakati.

Anafinya chalacho pansi pa mpopi. Magazi anatuluka madontho atatu basi. Anayang'ana chitseko cha kumpando, kumene kunkamveka dokotala akukalipira munthu kuti ayasame kwambiri. Anadziwa zimene akawafunse ku chipatala chachikulu, anadziwanso kuti pepala la kumeneko lidzabwerera patebulo la dokotala ndi nkhani ya mimba pamwamba penipeni. Anaima choncho kanthawi, madzi akuthira. Kenako anamata kapulasitala, navala golovesi, napitiriza kutsuka. Amuna awo atafunsa madzulo, anati ndi mpeni wodulira anyezi. Pa masiku anayi kabalako kanapola, osasiya ngakhale chipsera.

Mimba itaonekera, ntchito sinathe. Atatsala pang'ono kuchira anadwala milungu iwiri, kufooka, kunyansidwa ndi chakudya, mkodzo wakuda ngati tiyi. Aliyense anati ndi mmene pakati pamathera, ndipo zinapitadi zokha. Kunabadwa kamtsikana kakang'ono, kaphokoso, kosakhazikika. Bambo ake anakatcha Mpheta, dzinalo n'kukakamira.

Mpheta ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo ake anagwa pabenchi yawo yosokera, nsapato ya kasitomala ili pamwendo, osadzukanso. Kuyambira pamenepo mwanayo akaweruka kusukulu ankapita kuntchito kwa amayi ake, poti kunyumba kunalibe womutsegulira. Ankakhala pa ndowa yovundikira pafupi ndi mphika, kope pamaondo. Dokotala wachikulire uja anali atapuma, ndipo chipatala chinali m'manja mwa adokotala ena, mayi wamtali wa magalasi, amene sankadandaula kuona mwana akusuzumira pachitseko. Tsiku lina anamukodola kuti abwere adzaone dzino lobowoka pa kagalasi. Mpheta anabwerera kuseri maso ali mbee, nati, "Amayi, m'dzino muli kachipinda!"

Atafika zaka khumi ndi ziwiri analengeza kuti adzakhala dokotala wa mano. Analengeza Lamlungu masana, pamaso pa amalume ake, mlongo wamng'ono wa Amayi Akuseri, amene anali ndi kashopu kometera.

"Amaphunzira zaka zingati zimenezo?" anafunsa amalumewo.

"Zisanu."

"Zaka zisanu kuphunzira kuzula dzino? Ine ndi pulayala yanga mphindi ziwiri latuluka."

"Ankolo, inu tsitsi lomwe limakukanikani. Dzana munameta khutu la abusa."

"Anatembenuka okha! Achemwali, mwana wanuyu pakamwa ngati lumo. Odwala azidzathawa dzino lisanazulidwe."

Amayi Akuseri anangoseka chakumbali. Koma mawa lake anapempha adokotala kuti awalembere zonse zofunika kuti munthu alowe sukulu ya mano ku yunivesite. Adokotala analemba kuseri kwa pepala la mankhwala. Bayoloje, kemisitiri, fizikisi ndi masamu, zonse zinayi akhoze pamwamba penipeni, pa mayeso amodzi, osati kutolera ziwiri chaka chino ziwiri chaka chamawa. Kalata ya dokotala wa mano yochitira umboni kuti mwana waonerera ntchito milungu inayi. Mayeso a manja. Kukaonekera pamaso pa aphunzitsi kuti akamufunse mafunso. Ndipo sukuluyo inkalandira zotsatira za mayeso a chaka chomwecho kapena cham'mbuyo mwake basi, zakale kuposa pamenepo ayi. Pansi penipeni analemba kuti palinso fomu ya zaumoyo. "Imeneyo ndi yongodzaza," anatero. "Nkhondo ili pa zinayi zam'mwambazi."

Ulendo woyamba kemisitiri inamugwetsa. Anakhoza, koma osati pamene sukulu inkafuna. Analira masiku awiri, lachitatu anapita yekha kukalembetsa kuti abwereze kalasi, nakhala pakati pa ana amene anali kumbuyo kwake. Ulendo wachiwiri zonse zinayi zinatuluka pamwamba.

Panatsala mayeso a manja. Kumeneko, adokotala anafotokoza, amakupatsa chidutswa cha sopo ndi kampeni kuti useme dzino lotafunira ndi mizu yake, ola lisanathe. Mpheta anayamba kusema. Ankasema m'mawa asanasese, ankasema podikira madzi kuti awire. Oyamba anatuluka ngati mbatata zopindika, koma pofika mwezi wachiwiri adokotala ankawatembenuza pansi pa nyale n'kugwedeza mutu. Sopo yense wa m'nyumba anasanduka mano, ndipo poti sakanamutaya, chaka chimenecho anthu a m'nyumbamo ankasamba ndi mano, kuchapa ndi mano. Amalume atabwera kudzacheza anatuluka kubafa akufuula.

"Achemwali! Sopo wanuyu wandiluma!"

Tsiku la mafunso Amayi Akuseri anapempha theka la tsiku, naperekeza mwana mpaka pageti la yunivesite. Sanalowe. Anakhala pa kakhoma kunja maola atatu, chikwama pamiyendo, milomo ikuyenda. Mpheta anatuluka akutuluka thukuta.

"Andifunsa kuti ndani anandiphunzitsa kugwira chitsulo chonchi. Ndati amayi anga. Ati ndi dokotala? Ndati ayi, ndi amene amachititsa kuti dokotala asaphe munthu."

"Iwe! Wanena zimenezo?"

"Aseka onse atatu. Mmodzi walemba."

Kalata inabwera patatha milungu isanu. Mwa anthu mazana asanu ndi awiri anatenga makumi atatu, ndipo Mpheta anali mmodzi wa iwo. Amayi Akuseri anaiwerenga ataima pakati pa masinki awiri aja, kenako anagwada pasimenti ponyowa, epuloni ili m'khosi. Namwino atalowa ndi thireyi anabwerera chamsana mwakachetechete. M'envelopu munalinso fomu yobiriwira ya zaumoyo: maso, chifuwa, makatemera, magazi. Inkafunika kubwezedwa mwezi usanathe.

Mpheta anapita yekha kukapimitsa, napitanso yekha kukatenga zotsatira. Lachinayi limenelo, cha m'ma thili koloko, Amayi Akuseri akukulunga zozulira anamva kuti pakhomo paima munthu. Anali mwana wawo, fomu yobiriwira ataipinda kanayi m'dzanja.

"Akana kusaina. Akuti m'magazi muli kachilombo."

Chozulira chinagwa pansi.

"Osati kaja, Amayi. Kena. Ka chiwindi."

Adokotala anamaliza wodwala amene anali pampando, nauza namwino kuti otsalawo adikire, nawalowetsa awiriwo mu kaofesi kawo. Anawerenga pepalalo kawiri, navula magalasi. Anati matendawa amatchedwa hepataitisi B. Munthu amatha kukhala nawo zaka zambiri osamva kalikonse, ali wonenepa, akuthamanga. Koma amayenda m'magazi, ndipo dokotala wa mano amagwira ntchito zala zili m'kamwa mwa munthu, pakati pa zitsulo zakuthwa. Akadzicheka, magazi ake agwera pa bala la wodwala. N'chifukwa chake sukuluyo sinkalola munthu amene kachilomboko kachuluka m'magazi mwake, ndipo mwa Mpheta kanali kochuluka kwambiri.

"Koma ine ndinabayitsa katemera," anatero Mpheta. "Inu nomwe munandituma, ndisanayambe kuonerera."

"Katemera amatseka chitseko, mwana wanga. Satulutsa amene analowa kale."

"Nanga ndakatenga kuti? Ine sindinapangepo chilichonse. Amayi, mukundidziwa."

"Palibe akukuganizira zimenezo," anatero adokotala. "Kuchuluka chonchi, kawirikawiri munthu amakhala kuti anakatenga pobadwa. Amayi, ndi bwino nanunso mukayezetse."

Anakayezetsa mawa lake. Zotsatira zawo zinabwera mlungu wotsatira, ndipo zinati kachilomboko kanawalowapo kalekale, thupi lawo linalimbana nako n'kukagonjetsa. Iwo anali bwinobwino. Adokotala anafotokoza kuti munthu wamkulu nthawi zambiri amachira yekha, koma khanda likakatenga kwa mayi ake pobadwa limakhala nako. Pakanadziwika nthawi imeneyo, pali jekeseni amene akanabaya mwanayo tsiku lomwe anabadwa.

"Komwe inu munakatenga sitingadziwe," anapitiriza. "Mwina kwa malemu amuna anu. Mwina kwina. Mwina pano." Anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Munabayidwapo ndi chitsulo, amayi, kale ine ndisanabwere?"

Mpheta anali pampando wa pambali. Amayi Akuseri anayang'ana manja awo, oyera ndi mankhwala, osweka m'mphepete mwa zikhadabo.

"Ndi kale, adokotala," anatero. "Zambiri sindizikumbuka."

Adokotala anayesa. Anaimba foni ku sukulu, analemba kalata, anapitako okha Lolemba. Akusukuluko anawayankha mwaulemu kuti lamulo ndi la kuteteza odwala, ndipo malo sangasungidwe poti pali ena akudikira pamzere. Mtsikanayo ayambe mankhwala, kachilombo kakatsika adzafunsirenso ngati wina aliyense. Koma dokotala wa chiwindi amene anawatumizako anati pa mlingo umenewo asayembekeze kuti chaka chimodzi chikwanira. Ndiye kuti pofika nthawiyo zotsatira za mayeso zija zidzakhala zitakalamba. Bayoloje, kemisitiri, fizikisi, masamu, zonse kulembanso kachitatu, popanda wolonjeza kuti magazi adzalola.

Pochokera kwa dokotala wa chiwindi awiriwo anayenda pansi, poti Mpheta anakana kukwera basi. Atafika pa mphambano ya pafupi ndi sitolo imene bambo ake ankasokerapo, mtsikanayo anaima.

"Ndi adadi, eti?"

Amayi Akuseri anaimanso.

"Ndawerenga mmene kamayendera. Inu ndimakudziwani, ndi kuntchito, kutchalitchi, kunyumba. Ndi adadi. Ankayendayenda?"

"Tisaweruze amene anagona, mwana wanga."

Ananena mawu amenewo ndi mawu awo a masiku onse, ofatsa, a munthu wopemphera. Sanati inde. Koma anaona nkhope ya mwanayo ikuuma, ndipo anadziwa kuti wamva inde.

Madzulo ake Mpheta anatsitsa chithunzi cha bambo ake pakhoma la pabalaza, nachilowetsa kuseri kwa kabati. Panatsala kamalo koyera ka ngodya zinayi ndi msomali. Kwa amayi ake anakhala wachifundo kuposa kale. Ankawatenthetsera madzi, ankawasisita mapewa. "Nanunso anakulakwirani," anatero tsiku lina. "Mwapirira zambiri, Amayi." Iwo anadzuka n'kunena kuti aiwala kanthu panja.

Anapita kwa mlongo wawo Lachisanu, nthawi ya nkhomaliro, m'shopu mulibe kasitomala. Anamuuza zonse, za golovesi, za singano, za anyezi. Kanali koyamba kuzitulutsa pakamwa. Wometa uja anakhala pampando wa makasitomala, nthabwala zonse zitamuthera, akutembenuza chipeso m'manja.

"Mwauzapo wina?"

"Iwe wekha."

"Zithere pompano. Achemwali, ndimvereni. Alamu anga anali munthu wabwino, ndinkawakonda, koma apa sakumva kuwawa kulikonse. Mwanayu watsala ndi inu nokha. Mukamuuza, atsala ndi ndani? Komanso adokotala anena okha kuti sizingadziwike."

"Ine ndikudziwa."

"Mukudziwa bwanji? Munakaona kachilomboko kakulowa?"

"Munthu uja sanayendepo. Ankabwera kunyumba dzuwa lisanalowe, ndi guluu m'zala. Ankandinyamulira madzi ndili ndi pakati. Lero ali kuseri kwa kabati chifukwa cha ine."

"Ndiye mukufuna mukalowe ndinu kuseri kwa kabatiko?"

Amayi Akuseri anadzuka nabwerera kuntchito. Lamlungu kutchalitchi, anthu atayamba kupita kutsogolo ku mgonero, iwo anakhala pansi. Mayi woyandikana nawo anawagunda ndi chigongono, iwo n'kupukusa mutu. Lamlungu lotsatira zinateronso. Popemphera ankafika pa dzina la mwana wawo n'kukakamira pomwepo.

Ananena Loweruka m'mawa, akuchapa kuseri kwa nyumba. Mpheta ankayanika.

"Siya kaye zimenezo. Khala apa."

Mwanayo anakhala pa njerwa, malaya onyowa ali m'manja. Amayi ake sanamuyang'ane. Analankhula akuyang'ana m'beseni, kuyambira pa epuloni yaikulu ija mpaka pa milungu iwiri ya mkodzo wakuda. Sanachepetse kanthu. Anatchulanso lamulo la dokotala wachikulire, mawu ake enieni.

"Bambo ako alibe mlandu. Anamwalira akudziwa kuti unali mpeni wa anyezi."

Mpheta anayang'ana manja a amayi ake. Madzi a m'malaya aja ankadontha pa phazi lake.

"Chala chiti?"

Anamuonetsa. Mwanayo anachigwira, nachitembenuza, nachiyang'anitsitsa ngati mmene ankayang'anira sopo wake. Panalibe kalikonse.

"Mukananena, akanakutumizani kuchipatala."

"Inde."

"Akanakubayani jekeseni. Ngakhale akanalephera inu, akanandibaya ine pobadwa."

"Ndi mmene anenera adokotala."

"Nanga ntchito? Atadziwa za mimba anakuchotsani?"

"Ayi."

"Anati chiyani?"

"Anakalipa kuti bwanji ndinkanyamula ndowa zodzaza. Anauza mlonda kuti azindinyamulira."

Mpheta anaseka, kuseka kouma kumene amayi ake anali asanakumvepo. Anasiya chalacho.

"Ndinkaopa, mwana wanga. Ndinkati ndikusunga chakudya chako. Ndinali mwana nanenso."

"Zimenezo ndamva. Zimenezo mwina ndikanazimvetsa." Anaimirira, nayika malaya aja pa chingwe, nawawongola bwinobwino m'mapewa. "Koma pamphambano paja ndinakufunsani. Adokotala anakufunsani ine ndili pomwepo. Milungu itatu ndakhala ndikukusisitani mapewa."

"Ndinalakwa. Ndikhululukire."

"Mukanangondisiya ndizidana ndi adadi. Iwo sindikumana nawo m'mawa uliwonse."

Analowa m'nyumba. Amayi Akuseri anamva kabati ikukokedwa, kenako chitseko cha kumaso. Anamaliza kuchapa, poti zovala zinali zitaviikidwa kale.

Mpheta anakakhala kwa amalume ake. Sukulu ya mano inatsegulira Lolemba lachiwiri la mwezi wotsatira, ndi ophunzira makumi atatu. Amayi Akuseri anapita kuntchito tsiku limenelo monga mwa masiku onse. Asanavale epuloni anagogoda pa kaofesi, nawauza adokotala yankho la funso lija. Adokotala anamvetsera mpaka kumapeto, osawadula. Kenako anati, "Zikomo pondiuza, amayi." Thireyi yoyamba inabwera hafu pasiti eyiti.

Patapita milungu iwiri wometa uja anabwera kunyumba Lamlungu masana, ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu ndi kapepala.

"Mpheta wandituma katundu."

"Ali bwanji?"

"Akudya. Mankhwala akumwa, ndimaonerera ndekha. Amathandiza alamu anu kusoka makatani. Ine ndiye ndatheratu, akuti malumo anga ndi auve, wandikakamiza kugula mankhwala oviikamo, akuti ndizisintha lezala munthu aliyense iye akuona. M'shopu mwanga ndakhala wantchito."

Ankafuna kuti achemwali ake aseke, ndipo iwo anayesadi kumwetulira.

"Amanditchula?"

Mlongo wawo anawapatsa kapepalako.

Linali dzanja la Mpheta, zilembo zazing'ono zoimirira. Bulangete la buluu. Nsapato zakuda. Madiresi awiri a m'sutikesi. Juzi. Kadi ya kuchipatala ili mu dirowa. Panalibe moni, panalibe dzina.

Amayi Akuseri analowa kuchipinda cha mwanayo napinda chilichonse mosamala, juzi n'kuisoka kaye batani limene linkalendewera. Pansi pa bedi panali katoni ya mabuku ake a sukulu, a kemisitiri okhuthala aja, ndi makope odzaza mpaka m'mphepete. Pa kapepala sanalembedwe. Anawatulutsa, nawapukuta fumbi, nawayala pansi penipeni pa chikwama, bulangete pamwamba.

Wometa ananyamula chikwamacho, nachiyesa kulemera, nachibweza pabedi. Anatsegula zipi.

"Anandiuziratu, achemwali. Anati mukaikamo mabuku ndiwatulutse."

Anawatulutsa limodzilimodzi, nawasanja pabedi. Amayi Akuseri anaima potsamira chitseko, manja atawapinda pamimba. Chikwama chinapepuka. Anamuperekeza mpaka pageti, ndipo ali pamenepo mlongo wawoyo anakanda m'mutu, akuyang'ana kumsewu.

"Koma anati muwasunge pouma. Pansi pa bedi paja pamalowa chinyezi."

Amayi Akuseri anamuyang'ana. Iye sanatembenuke. Sanamufunse ngati mawu amenewo anachokadi kwa mwana kapena wawapeka yekha pageti pomwepo. Anabwerera m'nyumba, nachotsa mbale za alendo pa shelefu ya pamwamba, naikapo mabukuwo.